Musanyoze katundu wakale, koma pogula tsegulani maso

Nyengo ya maukwati ikafika, kuyambira anthu akangokolola mpaka mvula yoyamba, Loweruka lililonse kumakhala nthungululu ndi mahutala a galimoto. Koma inu amene mudadutsamo mukudziwa zomwe zimachitika Lolemba. Ankhoswe abwerera kwawo, mahema aphwasulidwa, anthu awiri aja atsala okha m'nyumba ya lendi yopanda kanthu. Ndalama za perekaniperekani zathera kwa mwini holo, wojambula ndi wophika keke. Chatsala ndi mapoto, mabeseni anayi ofanana, ndi matiresi oyala pansi.

Apa ndi pomwe mabanja ambiri amapunthwa. Mayi akuti apongozi akabwera akhala pati? Bambo akuti anzanga akuntchito andiona bwanji? Manyazi amenewa amawakankhira ku ngongole ya sofa, mwinanso kwa akatapila, ndipo chaka choyamba cha banja, chomwe chimayenera kukhala chodziwana, chimasanduka chaka chowerengera chiwongoladzanja ndi kulozana zala. Kumbukiraninso kuti ndalama ya kwacha idatsika mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsikanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiye katundu watsopano wochokera kunja adangoti zii kwa anthu ambiri.

Pali njira ina imene ambiri timaidutsa mphuno ili m'mwamba. Pa boma kapena pamalo ochitira malonda, kaya ndi ku Balaka, ku Mponela, ku Luchenza kaya ku Ntcheu, funsani mupeza munthu wogulitsa katundu wogwirapo kale ntchito. Kasitolo kake kamakhala kamdima, mipando itasanjikizana mpaka kudenga, pakhonde pali bedi lachitsulo ndi njinga yopanda tcheni. Uthenga wathu lero ndi wakuti lowanimo. Chinthu chakale cholimba chimene mwagula ndi ndalama yanu chimaposa chatsopano chonyezimira cha ngongole. Komatu polowa mulowe ndi maso, ndi mafunso.

Manyazi ake ati?

Tonse timavala kaunjika. Abwana a m'maofesi, aphunzitsi, akwaya, ngakhale akwati ena, suti ndi nsapato zawo zimachokera pamulu kapena m'masitolo ngati a DAPP, ndipo palibe amene amagwetsa nkhope. Nanga mpando walakwanji? Ngati thupi lanu limalola malaya amene adavalapo munthu wa ku London, lingakane bwanji kukhala pampando umene adakhalapo mphunzitsi wopuma wa ku Dedza?

Kunena zoona, katundu wina wakale ndi wabwino kuposa wa masiku ano. Matebulo ndi makabati ambiri akale adapangidwa ndi matabwa a mlombwa kapena mbawa, mitengo yolimba imene lero ikusowa. Mabokosi ena ndi a mkungudza wa ku Mulanje, mtengo umene chiswe chimauopa ndipo fungo lake silitha, koma panopa watsala pang'ono kutheratu m'phirimo. Yerekezani ndi makabati ena atsopano opangidwa ndi utuchi wopanikiza, omwe akangonyowa amafufuma ngati mandasi, ndipo mukasamuka nawo kawiri amayamba kugwa zitseko. Banja la lendi limasamukasamuka. Limafuna katundu wopirira kukwezedwa ndi kutsitsidwa pa lole.

Kambiranani musanatuluke pakhomo

Sitolo ya katundu wakale imakopa. Mwapita kukafuna tebulo, mukubwera mutanyamula wotchi yapakhoma yosayenda ndi galasi losweka pakona, chifukwa choti zinali zotchipa. Chotchipa chimene simukuchifuna ndi ndalama yotaya basi.

Choncho khalani pansi awirinu. Lembani zomwe nyumba ikusowa, muyambe ndi zofunikitsitsa: pogona, pokhala, posunga chakudya ndi zovala. Gwirizanani ndalama yomwe simupitirira, ndipo muikemo ya mayendedwe ndi ya mmisiri wokonza. Yezani chitseko ndi chipinda ndi chingwe, mumange mfundo, chingwecho mupite nacho. Si zachilendo kuona wodilopu itagona pakhonde sabata yathunthu chifukwa yakana kulowa pakhomo.

Ndipo pitani limodzi. Bambo, musagule kabati ya kukhitchini nokha kuti mukadabwitse mayi, chifukwa amene adziwa kutalika kwa mapoto ndi ndowa ya ufa ndi amene amaphika. Mayi, musabweretse sofa mwamuna wanu asakudziwa n'kumuuza kuti ndalama yotsala akamalize ndi iye. Maso anayi amaona zomwe awiri aphonya, ndipo chinthu chimene mwasankha limodzi sichibweretsa mawu akuti "ndinanena ine".

Ulendo woyamba musagule kanthu. Yendani, gwirani, funsani mitengo, mupite kwa kalipentala mukafunse kuti chatsopano chofanana nacho angapange ndi ndalama zingati. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kayang'anidwe ka zamatabwa

Pemphani kuti chinthucho achitulutse panja pali dzuwa. Mdima wa m'sitolo umabisa zambiri, vanishi watsopano amabisa zoposa pamenepo. Paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Tembenuzani mpando kapena tebulo muone kunsi, kumene sapakako penti. Ndi kumene mumadziwira mtundu wa thabwa. Mukaona timabowo ting'onoting'ono, gogodani ndi chala. Pakagwa ufa, dziwani kuti thabwalo lafumbwa ndipo tizilombo tikadalimo. Mukalowa nalo m'nyumba tidzasamukira ku katundu wina. Kanikizani chikhadabo kapena kiyi m'miyendo, makamaka pansi pomwe pamakhudza simenti. Pakamabonyoka ndiye kuti chinyezi kapena chiswe chidadya kale.

Khalanipo, gwedezani. Mpando wogwedera polumikizira si vuto lalikulu, kalipentala amaumanga ndi guluu. Koma thabwa long'aluka pakati kapena lopindika, lisiyeni. Onani mmene adalumikizira: kumene thabwa lidalowa m'linzake ndi ntchito yolimba, kumene kwangodzaza misomali ndi kwa masiku ochepa. Tsegulani madilowa onse ndi zitseko zonse, nunkhizani m'kati. Fungo la nkhungu kapena la mkodzo wa makoswe silichoka msanga.

Sofa yang'anani mafupa ake, osati nsalu. Ngati matabwa a m'kati ali bwino, nsalu ndi siponji amisiri amasintha. Koma funsiranitu mtengo wosinthira, chifukwa nthawi zina umafanana ndi wa sofa yatsopano.

Zachitsulo ndi zamagetsi

Makina osokera akale opalasa ndi phazi, monga a Singer kapena Butterfly, ndi chuma m'banja. Safuna magetsi, zipangizo zake zimapezeka, ndipo akhoza kubweretsa ndalama ya ndiwo. Pitani ndi kansalu ndi ulusi, kapena tengani telala amene mumamukhulupirira. Zungulitsani gudumu mumve ngati likuyenda mosalala, sokani mzere wautali, muone ulusi pamwamba ndi kunsi. Onetsetsani kuti shatulo ndi bobini zilimo. Njinga yang'anani felemu, makamaka mowotcherera. Matayala ndi tcheni n'zogula, koma felemu yothyoka imadzakugwetsani mutanyamula mwana. Simbi yamakala onani chotsekera chake, chifukwa ikatseguka muli mkati mosita, makala amagwera pa malaya kapena pa phazi.

Pa zamagetsi lamulo ndi limodzi: osayesa, osalipira. Wogulitsa akati magetsi azima, muuzeni kuti mubweranso akayaka. Filiji siyesedwa mphindi zisanu. Ilumikizeni, mupite kumsika, mubwere patatha ola kapena kuposerapo mudzagwire m'kati. Tsekerani pepala pachitseko n'kulikoka. Likatuluka mosavuta ndiye kuti labala yatha, ndipo filiji yotero imadya mayunitsi ngati njovu. Poinyamula iime chilili, ndipo mukafika kunyumba idikire maola angapo musanaiyatse, kuti mafuta a mu injini yake abwerere m'malo.

Werenganinso kachikwangwani kakumbuyo. Magetsi athu ndi a 230V. Katundu wopangidwira ku America amalembedwa 110V kapena 120V, wa ku Japan 100V, ndipo mukangomulumikiza chonchi amapsa nthawi yomweyo. Wolembedwa 100-240V ndiye alibe vuto. Nthambo yosenda, yomata ndi tepi kapena pulagi yakuda ndi utsi, sinthani musanagwiritse ntchito. Nyumba zambiri zapsa ndi kanthu kakang'ono ngati kameneka.

Izi zokha ganizani kawiri

Sikuti chilichonse chakale n'chogula. Matiresi akale, ngati n'kotheka, apeweni. Ndi nyumba ya nsikidzi, zomwe zimatha kukhala miyezi osadya kanthu n'kudzuka zitamva fungo la munthu. Kuli bwino bedi lakale ndi matiresi atsopano, ngakhale opyapyala. Bedilo, limodzi ndi mipando yonse, lisalowe m'nyumba tsiku lomwelo. Limasuleni, muyang'ane timadontho takuda m'makona, muthire madzi owira molumikizira monse, liume padzuwa. Zovala, makatani ndi mabulangete chapani ndi madzi otentha, yanikani padzuwa, sitani.

Makolo, pa za ana ndiye musamale koposa. Kabedi ka khanda kakhale kolimba, kopanda msomali wotuluka, ndipo mpata wa pakati pa timitengo take usapitirire masentimita 6, kuopa kuti thupi la mwana lingadutse mutu n'kukodwa. Matiresi ake adzaze bwino osasiya mpata m'mbali. Timabedi tija tokhala ndi mbali yotsetsereka adatiletsa ku America mu 2011 ana atafa chifukwa chopanikizika; mukakapeza kotere, kasiyeni.

Penti wina wakale amakhala ndi mtovu, poizoni amene amaononga ubongo wa mwana mwakachetechete. Mwana akamamera mano amaluma chilichonse, choncho kampando, kabedi kapena chidole cha penti wosendeka asapatsidwe. Mukafuna kupala penti wakale, palirani panja, mutanyowetsa kuti fumbi lisauluke, mutatseka pamphuno, ana ndi amayi oyembekezera ali kutali. Mabotolo ndi mankhwala oyamwitsira, zidole zokhala ndi tizidutswa tothothoka, zovala zamkati, mafuta odzola otsegula kale, zimenezi gulani zatsopano. Chigubu kapena mgolo womwe simukudziwa kuti munali chiyani musasungiremo madzi akumwa, chifukwa mwina munali mankhwala a m'munda.

Safunsa anadya phula

Tsopano tifike pa nkhani yaikulu. Katundu aliyense m'sitolo muja adachoka m'nyumba ya munthu. Wina adagulitsa chifukwa akusamuka, wina wagula zatsopano, wina wapanikizika ndi fizi. Zonsezi n'zabwinobwino. Koma wina ndi wakuba. Kulandira kapena kugula katundu ukudziwa, kapena uli ndi chifukwa chokhulupirira, kuti ndi wakuba ndi mlandu m'malamulo a dziko lino. Ngakhale mutagula mosadziwa, apolisi akamupeza amatenga, inu n'kutsala manja lende, ndalama yapita, katundu wapita, dzina laipa pamudzi.

Zizindikiro zake sizibisika. Mtengo wotsika modabwitsa. Wogulitsa wofulumira, wofuna mukumane madzulo kuseri kwa msika. Kanema wopanda limoti, nambala ya kumbuyo itapalidwa. Foni yokhala ndi zithunzi za anthu ena kapena yokhoma imene wogulitsayo sadziwa kutsegula kwake. Pa foni, imbani *#06#, ituluka nambala yaitali yotchedwa IMEI. Iyerekezeni ndi ya pabokosi ngati lilipo, ndipo ilembedwe pa lisiti.

Lisiti musalisiye, ngakhale litakhala lolemba pamanja papepala la m'kope. Palembedwe tsiku, dzina la chinthucho, nambala yake, mtengo, dzina ndi foni ya wogulitsa. Ngati mukugula kwa munthu wamba, onani chitupa chake cha unzika, ndipo pakhale mboni. Wamalonda woona mtima sakwiya ndi mafunso amenewa. Wokwiya wakuuzani kale zomwe mumafuna kudziwa.

Palinso kuba kwina kumene sikuthyola chitseko. Bambo wamwalira, maliro asanazizire, achibale afika ndi lole, mayi ndi ana atsala pa mkeka. Katundu wotereyu amathera m'masitolo ngati amenewa. Kuyambira mu 2011 dziko lino lili ndi lamulo latsopano la chuma cha masiye, ndipo kulanda katundu wa womwalira mopanda chilolezo ndi mlandu. Mukamva kuti nyumba yonse ikugulitsidwa pambuyo pa maliro, funsani kuti akugulitsa ndani, ndipo mayi wamasiyeyo akudziwa? Chimodzimodzi bambo akabwera yekha ndi makina osokera a mkazi wake, kapena mnyamata ndi wailesi ya makolo ake. Musamange banja lanu ndi misozi ya banja la eni. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kwa inu makolo: musafulumire kugulitsa

Mukamayendayenda m'sitolo muja, muona zinthu zina zomwe si zogwiritsa ntchito ayi, koma zokumbutsa. Bokosi lachitsulo lolembedwa dzina ndi penti woyera, limene mwini wake adabwera nalo kuchokera ku migodi ya ku Joni. Wailesi ya Nzeru, yopangidwa m'dziko mommuno. Pulayimasi, nyali yagalasi, mbale za galamafoni. Mbale ya ndalama zakale: makobiri oboola pakati a nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndi ndalama za 1964 zokhala ndi tambala, chimanga kapena njovu, zomwe zinkayenda kwacha isanabwere mu 1971.

Tengani ana mukawaonetse. Bokosi lija lokha ndi phunziro la mbiri: auzeni za Wenela, za ndege imene idagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi 74 ochokera ku migodi, mpaka Dr Kamuzu Banda adaimitsa ulendowo, ndi za Teba imene idatha kulemba Amalawi mu 1988. Mwana amene wagwira bokosilo ndi manja ake saiwala ngati amene wangowerenga.

Kenako dzifunseni: nanga bokosi la agogo a kwathu lili kuti? Zambiri mwa zinthu izi zidagulitsidwa pa mtengo wa thumba limodzi la chimanga, ndi ana amene ankaona ngati ndi zinyalala. Njala ikavuta munthu amagulitsa, palibe angamuweruze. Koma musanatulutse chinthu cha makolo, funsani abale anu onse, chifukwa si chanu nokha. Ndipo chotsani m'kati zithunzi, makalata, ziphaso za sukulu ndi za ubatizo, mapepala a malo ndi a ntchito. Wogula alibe nazo ntchito, koma zidzukulu zanu zidzazifuna, ndipo mapepala ena amathetsa milandu ya malo. Ngati muli ndi chinthu chimene mukuona kuti n'chofunika pa mbiri ya dziko, funsani a nyumba yosungira zakale ku Chichiri mumzinda wa Blantyre, kapena a National Archives ku Zomba, musanachipereke kwa munthu wodutsa.

Mphatso yabwino kwa mwana amene akulowa m'banja si yatsopano yokha. Tebulo limene adadyerapo ali mwana, mutalipala n'kulipaka vanishi, limanena zambiri kuposa beseni lachisanu lapulasitiki.

Chenjeraninso ndi amene amabwera ndi nkhani zoti simbi yakale, ndalama yoboola kapena makina osokera ali ndi mankhwala odula otchedwa red mercury, ndipo kuli azungu ogula ndi mamiliyoni. Bodza limeneli lidazunguza anthu ku Saudi Arabia mu 2009, mpaka ena kumagula makina akale a Singer pa mitengo yoopsa. Mankhwala amenewo kulibe. Mathero ake amakhala akuti mupereke kaye ndalama yoyezera kapena ya mayendedwe, munthu uja n'kuzimitsa foni. Ndalama zakale zambiri zidapangidwa zochuluka zedi, mtengo wake ndi wochepa. Phindu lake lenileni ndi nkhani imene mungafotokozere ana.

Ponenerera

Mtengo woyamba si womaliza, aliyense amadziwa. Koma nenererani mwaulemu. Perekani moni, funsani za chinthucho, tchulani chilema chimene mwaona ndi ndalama imene mukakonzere, kenako nenani yanu. Musanyoze katundu wa munthu kuti atsitse mtengo, ndipo awirinu musakanganirane pamaso pake. Gwirizanani kale kuti wolankhula ndi ndani. Mayi akangoti "ndaikonda bwanji!" mtengo suyendanso.

Mukagula zingapo pamodzi, pemphani kuti achotsereko kapena akupezereni chonyamulira. Ngati ndalama yaperewera ndipo mwagwirizana zolipira pang'onopang'ono, zonse zilembedwe, ndi tsiku lodzatenga katunduyo. Mtengo ukakana, thokozani, siyani nambala ya foni, muzipita. Katundu amabwera wina. Ndipo wamalonda amene mwakhala naye bwino ndi amene adzakuimbireni tsiku lomwe kwafika tebulo labwino.

Abale anga, nyumba sidzaza tsiku limodzi. Mwezi uno bedi, mwezi wa mawa mipando iwiri, mukagawana za banki m'khonde kabati. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Alendo amene amakukondani adzakhala pampando wa mlombwa wa zaka 40 n'kumwa tiyi mosangalala, ndipo amene angakusekeni sadzakuthandizani kubweza ngongole. Chachikulu n'chakuti chilichonse cholowa pakhomo panu chikhale cholimba, chosaika ana pachiswe, chodziwika kumene chachokera, ndiponso chimene mwagwirizana nonse awiri.